Mutu 7: Kadontho Kokokolola Zonse

1. Lamulo la Mayi Zheleva

Kwathu kuno mumzinda wa Ruse mwezi wa Malichi umanamiza anthu. Dzuwa limawala bwinobwino, koma ukangotuluka wopanda jekete, mphepo ya ku mtsinje wa Dunav imakulowa mpaka m'mafupa. Loweruka lina la mwezi umenewu, Nevena Rashkova anatsika basi ya magetsi n'kuthamangira ku nyumba yowerengera ya m'dera lawo. Anali mtsikana wa sekondale, wanzeru zake ndithu, koma tsiku limeneli mtima wake unali utatupa kale asanalowe n'komwe.

M'chipinda cham'mwamba cha nyumbayo ndi mmene achinyamata ankakumana Loweruka lililonse kuti aphunzire kulemba mapulogalamu a pakompyuta. Anagawidwa m'timagulu, ndipo kagulu ka Nevena kanali ka anthu atatu: iyeyo, Yasen ndi Blagoy. Ankapanga pulogalamu yoti nkhalamba za m'nyumba zosanja zizitha kuitana achinyamata kuti akazigulire mankhwala, kapena kuzinyamulira katundu chikepe chikafa. Ndipo zikepe zathu zimafa, musachite kufunsa.

Mphunzitsi wawo anali Mayi Zheleva, mayi wamfupi wa imvi mbuu, amene anayamba ntchito imeneyi kompyuta imodzi ikadzaza chipinda chonse. Anapuma ntchito kalekale, koma pakamwa pawo panali pasanapume.

Ntchito ya anawo inkasungidwa mu Git, chida chimene chimakumbukira chilichonse chimene munthu wasintha mu pulogalamu, pamodzi ndi dzina la wosinthayo. Munthu akasintha zinthu pa kompyuta yake, amayamba wasankha zimene akufuna kupereka kwa anzake. Kenaka amazitsekera pamodzi, n'kulembapo mawu ochepa ofotokoza zimene wachita. Pomaliza amazitumiza kumene anzake onse amatapa. Anawo ankangoti kukomita. Mayi Zheleva ankati kulongedza, kumata ndi kutumiza phukusi.

"Ana inu, ndimvereni," ankatero pafupifupi Loweruka lililonse. "Kulongedza ndi kumata ndi ntchito ziwiri. Anazisiyanitsa dala kuti munthu apeze mpata woganiza. Ukalongedza, ima kaye. Tsegula maso, uwerenge mzere uliwonse umene waika m'phukusimo. Chimene sichiyenera kupita, chitulutse, chifukwa pamenepo palibe amene wachiona. Koma ukamata n'kutumiza, basi, chalowa m'mbiri, anzako akopera kale. Ungadzachifufute mawa, koma aliyense wobwerera m'mbuyo adzachipeza chili phee, dzina lako lili pamwamba pake.

"Ndiye pali ulesi wina umene ndimadana nawo. Pali lamulo lija lothera ndi kadontho, limene limakokolola zonse zimene zasintha pa kompyuta yako n'kuziponya m'phukusi nthawi imodzi. Zabwino, zinyalala, zoyeserera, zonse. Kodi mungasese pathebulo ndi mkono, n'kumanga nsanza pamodzi ndi mphatso? Kadontho kameneko sindikafuna muno. Ndipo chomaliza, kompyuta iliyonse imamata phukusi ndi dzina la mwini wake. Musamabwerekane makompyuta. Ukabwereketsa kompyuta, wabwereketsa dzina."

"Tamva, Mayi," anawo ankayankha, maso ali pa mafoni pansi pa thebulo.

Analinso ndi mwambo wawo. Amene waononga pulogalamu ya onse, Loweruka lotsatira ankabweretsa banitsa, chakudya chathu cha ufa ndi tchizi chophika mu uvuni, yoti onse adye. Mwambo umenewu ankaukonda kwambiri, bola wolakwayo akhale wina.

2. Kompyuta yobwereka

Chimene chinatupitsa mtima wa Nevena chinali ichi. Loweruka lotsatira kunali chionetsero. Makolo ndi nkhalamba za m'deralo zinkayembekezeka kudzaona pulogalamuyo, ndipo ikayenda bwino, kaguluko kapite ku mpikisano ku Varna, mzinda wa m'mphepete mwa nyanja. Panafunika mmodzi woima kutsogolo n'kufotokozera anthu. Nevena anali ndi pakamwa. Ankatha kuyankhula mpaka mphunzitsi kuiwala funso limene anafunsa. Iye ankaona ngati malowo ndi ake kale.

Koma tsiku losankha woyankhulayo, Loweruka lapitalo, Blagoy anakweza mkono.

Blagoy anali ndi chibwibwi. Mawu ankamumatirira pakhosi, makamaka pamaso pa anthu, mwakuti m'sitolo ankangoloza ndi chala chimene akufuna. Komabe gawo lalikulu la pulogalamuyo analemba ndi iyeyo, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo.

"Ndi-ndikufuna ndiyese," anatero, makutu atafiira.

Mayi Zheleva anavomera pomwepo. Yasen, amene anakula naye limodzi kuyambira kusukulu yamkaka, anamumenya paphewa n'kuti, "Ndi zimenezotu, aise! Tiyeserera mpaka uzidzalota ukuyankhula." Nevena anamwetulira ndi milomo yokha.

Ndiye Loweruka limeneli Nevena anaiwala chingwe chotchajira kunyumba, ndipo kompyuta yake inazima ntchito ili pakati.

"Iwe Yasen, ndibwereke yako pang'ono," anatero. "Ndingokulitsa zilembo kuti agogo aja azitha kuona."

"Mayi akationa atidya amoyo."

"Akumwa khofi pansi. Usachite ngati nkhalamba, iwe."

Yasen anakanda m'mutu, n'kumukankhira kompyutayo. Kenaka anatuluka ndi Blagoy kukayeserera m'khonde.

Nevena anakulitsa zilembo zija, ntchito yaing'ono. Kuseri kwa chitseko ankamva Blagoy akulimbana ndi liwu loyamba, kulibwereza, kulibwerezanso, ndipo Yasen akuti, "Puma kaye, aise. Palibe akukuthamangitsa." Nevena anatsonya. Anatsegula pamene pamakhala uthenga umene umatuluka munthu akalemba nambala molakwika. Uthengawo unkati, "Mwalakwitsa, yesaninso." Anaufufuta n'kulemba wake, wotsanzira mmene Blagoy amayankhulira. Anauwerenga n'kuseka yekha, dzanja lili pakamwa. Mumtima ankati aubweza pompano, ndi zongochotsera mkwiyo.

Foni yake inalira. Anali bambo ake.

"Ndili pansi pano ndipo ndaima poletsedwa. Tsika msanga, mng'ono wako akutidikira ku masewera, azizidwa."

"Ndikubwera, Ababa, pang'ono pokha!"

"Pang'ono pako ndimapadziwa. Tsika."

Panalibe nthawi yosankha mzere ndi mzere. Nevena analemba lamulo lija, n'kudina kadontho. Sanawerenge zimene zalowa m'phukusi. Anamata, n'kulembapo kuti, "Ndakulitsa zilembo." Anatumiza, anatola chikwama, n'kutsika masitepe akuthamanga. Pofika m'galimoto anali ataiwala zonse, ndipo sabata yonse nkhani ya uthenga uja sinamubwerere m'mutu ngakhale kamodzi.

3. Chionetsero

Holo ya pansi inadzaza. Nkhalamba zinakhala osavula majasi, monga zimachitira. Kutsogolo kwenikweni kunakhala Mayi Peneva, amayi ake a Blagoy, namwino amene anachita kusinthana ntchito ndi mnzake kuti adzaone mwana wawo. Pulogalamu inkaoneka pakhoma, yaikulu, kuti aliyense aone.

Blagoy anaima ndi malaya oyera, atagwira chimkuzamawu ndi manja awiri. Liwu loyamba linakakamira. Anatseka maso, anapuma monga anamuphunzitsira Yasen, n'kuyambanso. Linatuluka. Lachiwiri linatuluka. Anapunthwa apo ndi apo, koma sanagwe, ndipo anthu anamvetsera ali chete. Atamaliza kufotokoza, m'manja munalira, ndipo Mayi Peneva anapukuta m'maso ndi chala.

"Tsopano mmodzi wa a-agogo abwere adzayese," anatero Blagoy, nkhope ikuwala.

Anadzuka agogo Stamat, amene moyo wawo wonse anagwira ntchito m'sitima za pamtsinje. Zala zawo zinali zonenepa, ndipo polemba nambala ya foni anadina mabatani awiri nthawi imodzi. Pakhoma panatuluka uthenga, m'zilembo zikuluzikulu zimene Nevena anakulitsa yekha.

Agogo Stamat anayandikira khoma, anakonza magalasi, n'kuwerenga mokweza, pang'onopang'ono, monga mmene zinalembedwera: "Mwa-mwa-mwalakwitsa. Fu-fu-funsani Bla-Bla-Blagoy, a-a-akuyankhani ma-ma-mawa."

Anyamata ena kumbuyo anaphulika kuseka. Kenaka m'holo munangoti zii.

Nevena anawazindikira mawu ake aja. Anafuna kudzuka, koma thupi linakana.

Blagoy anatembenuka n'kuwerenga yekha uthengawo, mpaka kumapeto. Sanalire. Anaika chimkuzamawu pathebulo bwinobwino kuti chisagwe, n'kuyenda pakati pa mipando mpaka kutuluka. Amayi ake anamutsatira. Atafika pakhomo anaima, n'kuyang'ana ana onse a gululo mmodzimmodzi.

"Kodi ndalakwitsa chiyani?" agogo Stamat anafunsa.

Alendo atabalalika, Mayi Zheleva anatseka chitseko n'kutsegula mbiri ya pulogalamu pakhoma pomwepo. Sanavutike kufufuza. Mzere uja unali m'phukusi lolembedwa kuti "Ndakulitsa zilembo," ndipo pamwamba pake panali dzina: Yasen Dobrev.

"Yasen?"

"Sindinalembe ine, Mayi."

"Analemba ndani?"

Yasen anayang'ana Nevena kamodzi kokha. Nevena anali atawerama, akupinda mpando umene sunkafunika kupindidwa. Yasen anadikira. Mpando wachiwiri unapindidwa.

"Dzinalo ndi langa," anatero Yasen motsitsa mawu.

"Eeh! Mnzake weniweni!" wina ananong'ona.

Mayi Zheleva anavula magalasi. "Ine ndakalamba ndikuona mapulogalamu akufa pamaso pa anthu," anatero. "Si nkhani. Pulogalamu ikafa timaidzutsa. Koma lero pulogalamu sinafe. Yachita ndendende zimene munthu anaiuza kuti ichite. Pali munthu anakhala pansi, zala zake zili bwinobwino, lilime lake lili bwinobwino, n'kutenga bala la mnzake kuliyesa choseweretsa. Mwana uja wakhala akuyeserera pamaso pa galasi mpaka mawu kusasa. Lero anakwanitsa. Munaona nonse kuti anakwanitsa. Ndiye mwamulanda pamaso pa amayi ake.

"Mverani tsono. Ine ndimayendera dzina limene lili pa phukusi. Yasen, ku Varna supita. Ndipo mzere umenewu sindiufufuta ine, komanso wina asaukhudze. Ukhala pomwepo, uzituluka nthawi zonse wina akalakwitsa nambala, mpaka amene anaulemba adzauchotse yekha, ndi dzina lake lenileni. Pitani kwanu."

Nevena anatuluka woyamba.

4. Banitsa ya Yasen

Sabata imeneyo chakudya sichinkamulowa Nevena. Bambo ake, amene anali m'holo muja, sanathandize.

"Mnyamata uja Yasen ndinkamuona ngati waulemu," anatero akunyema buledi. "Ankandipatsa moni bwinobwino, chonsecho ali ndi njoka m'thumba. Iwe usamayende naye. Mwana wanga sangachite zauve zoterozo, ndinawauza anzanga kuntchito."

Nevena anayang'ana m'mbale. Manyazi anamugwira mpaka makutu kutentha, koma pakamwa paja, podziwa kuyankhula, panauma gwa.

Kusukulu Blagoy anasamuka pa desiki imene ankakhala ndi Yasen. Yasen akadutsa m'khonde, ana ankamuitana mwachibwibwi, akuti amve mmene zimawawira. Ena anamulembera zotukwana pa chikwama. Madzulo ena Nevena ali m'basi anamuona Yasen ataima pakhomo pa nyumba yosanja imene Blagoy ankakhala, manja m'matumba, chitseko chili chotseka. Nevena anatsetsereka pampando kuti asaonedwe.

Loweruka linafika. Mpando wa Blagoy unali wopanda munthu. Yasen analowa atanyamula thireyi yokutidwa ndi nsalu, n'kuiika pakati pa thebulo. Fungo la banitsa yotentha linadzaza chipinda. Masiku onse anawo ankailimbirana, mpaka kunyambita zala. Tsiku limeneli palibe anatambasula dzanja.

"Blagoy watuluka m'gulu," Mayi Zheleva analengeza. "Wadzichotsa yekha mu pulogalamu. Ndiye kwatsala iwe, Nevena. Ku Varna ukayankhula ndiwe."

Malo aja anali ake tsopano.

Yasen anadula banitsa, anaika chidutswa pa kapepala, n'kudzachiika patsogolo pa Nevena.

"Idya ikadali yotentha," anatero. "Amayi anga analawirira m'mamawa kuphika. Anandifunsa kuti ndalakwa chiyani. Ndinawauza kuti ndinabwereketsa chinthu."

Nevena anadzuka n'kutulukira m'khonde. Yasen anamutsatira.

"Bwanji sunanditchule?" Nevena anafunsa, atayang'ana khoma.

"Ndikanakutchula ukanakana. Ndiye pakati pa iwe ndi ine, anthu akanamvera ndani? Pakamwa pakopo ine ndingapathe?"

"Sindinkafuna kuti zipite. Ndinkati ndifufuta. Ndi kadontho kaja."

"Kadontho kanalemba mawuwo?"



"Za ku Varna ndilibe nazo ntchito," anatero Yasen. "Pita, ukaone nyanja, ukajambulitse. Koma Blagoy akuganiza kuti nthawi yonse ija ndinkamuuza kuti puma kaye, ndinkamuseka mumtima. Ndamuimbira, sayankha. Ndapita kwawo, amayi ake anandiuza kuti ndisadzapondenso. Tinayamba kugawana zoseweretsa tisanadziwe kumanga nsapato, Nevena. Ine ndikamuuza sakhulupirira. Ayenera amve kwa iwe."

Anabwerera m'chipinda, n'kumusiya ali chilili.

5. Phukusi la mzere umodzi

Mayi Zheleva anali m'kakhitchini ka pakona, akutsuka makapu. Nevena anaima pakhomo nthawi yaitali. Mayiwo sanatembenuke.

"Mayi," anatero pomaliza, "ndine."

"Ndiwe chiyani?"

"Ndinalemba ndine. Pa kompyuta ya Yasen. Iye sankadziwa."

Mayi Zheleva anatseka mpopi n'kupukuta m'manja. "Ntchito yokulitsa zilembo ndinapatsa ndani?" anafunsa. "Ukuganiza kuti ndinaiwala? Ndinangoona mawu a pa phukusi lija, n'kudziwa. Yasen walangidwira kubwereketsa dzina, ndipo zimenezo zamukwanira. Iwe ndinkakudikira. Mwina ndinalakwa kudikira, chifukwa mwana uja wavutika sabata yonse ine ndikuona, ndipo tulo sindinatione bwino. Koma ndikanakukoka khutu pamaso pa anzako, ukanangophunzira kubisa bwino ulendo wina.

"Tamvera, mwana iwe. Nsanje imabwera kwa aliyense. Inenso ndinaimva pamene ankakweza anthu amene ndinawaphunzitsa ndekha. Mawu oipa amabwera m'mutu, ena amafika mpaka pa zala. N'chifukwa chake pali malo olongedzera, kuti munthu ayang'ane zimene wanyamula asanazipereke kwa anthu. Iwe unadumpha malo amenewo. Chimenecho ndi cholakwa chaching'ono, ndipo chilango chake ndi banitsa. Kulemba mawu aja ndi cholakwa chachikulu. Koma chimene chandiwawa ine ndi mipando ija. Mnzako ankakuyang'ana, iwe uli kalikiliki kupinda mipando. Pamenepo panalibe kadontho, panalibe kuthamanga. Unasankha uli maso."

Misozi inatsika pa nkhope ya Nevena. Mayi Zheleva sanamusisite.

"Chingwe wabweretsa lero?"

"Ndabweretsa."

"Tiye."

Anakhala pathebulo, anzawo onse ali pomwepo. Nevena anatsegula kompyuta yake. Anapeza mzere uja, anaufufuta, n'kubwezeretsa mawu akale: "Mwalakwitsa, yesaninso." Pa kompyutayo panali zinthu zinanso zimene anasintha mkati mwa sabata, ndipo chala chake chinapita chokha kumene kuli kadontho. Anachibweza. Analongedza mzere umodzi wokhawo, n'kutsegula kuti aone zimene zili m'phukusi. Mawu onyoza aja anaoneka ofiira, kusonyeza kuti akuchoka, ndipo anawawerenga onse. Anali oipa kuposa mmene ankawakumbukirira.

Pa malo ofotokozera analemba kuti, "Ndakonza uthenga wolakwika."

"Usamate," anatero Mayi Zheleva. "Uthengawo unalakwika wokha? Unagwa ndi mvula? Munthu akadzawerenga chaka chamawa, adzadziwa kuti Yasen alibe mlandu?"

Nevena anafufuta. Analemba kuti: "Ndachotsa mawu onyoza Blagoy. Ndinawalemba ndine, Nevena, pa kompyuta ya Yasen. Yasen sankadziwa. Ndinakhala chete iye akulangidwa."

Anamata. Pamwamba pa phukusi panatuluka dzina: Nevena Rashkova. Anatumiza.

Mafoni a m'chipindamo analira limodzi, chifukwa phukusi lililonse likafika, gulu lonse linkalandira uthenga. Mitu inawerama kuwerenga. Kenaka inadzuka, umodziumodzi, yonse kuloza kwa iye. Palibe anatukwana. Mtsikana amene ankakhala naye pafupi anangosuntha mpando wake pang'ono. Nevena analakalaka pansi patang'ambika.

"Ku Varna supita," anatero Mayi Zheleva. "Ngati kagulu kanu kapite n'komwe, sindikudziwa. Bambo ako ukawauze wekha, ndisachite kuwaimbira ine. Koma imeneyo ndi ntchito ya madzulo. Pano tonse tawerenga, kupatula munthu mmodzi. Blagoy anadzichotsa, uthengawu sumufika. Vala jekete."

"Ndimulembere pa foni, Mayi?"

"Unamunyozera pa foni? Iye anaima pamaso pa anthu. Kaime nawenso."

Nevena anayang'ana Yasen. "Tipite limodzi?"

Yasen anali akutafuna banitsa, koyamba tsiku limenelo. Anapukusa mutu. "Ine anandiletsa kuponda kumeneko," anatero. "Batani lawo la pakhomo lalembedwa kuti Penevi, dzina la banja lawo. Chikepe n'chakufa."

6. Pa chitseko

Anapita wapansi kuti apeze nthawi yokonza mawu. Ndipo anawakonza bwino, pakuti mawu sankamusowa. Ayamba ndi moni, kenaka anene kuti Yasen alibe mlandu, kenaka apepese popanda kudzikhululukira. Anawabwereza njira yonse, mphepo ya kumtsinje ikumuwomba kumaso.

Chitseko chachikulu cha nyumbayo chinali chachitsulo, chokiya. Pambali pake panali kabokosi kolankhulira ndi mabatani a mayina. Anapeza lolembedwa kuti Penevi. Anatambasula chala, anachibweza, anapukuta dzanja pa jekete. Mayi wina wokankha mwana m'kangolo anadutsa n'kumuyang'ana. Nevena anadina.

Kabokosiko kanachita phokoso. Wina ananyamula kumwambako, koma sanayankhule. Kunkangomveka kupuma.

Nevena anatsegula pakamwa. Mawu onse aja, okonzedwa bwino aja, anathawa. Lilime linalemera, nsagwada zinayamba kunjenjemera ndi mantha ndi kuzizira. Anakankha liwu, koma linakakamira. Anakankhanso.

"Ndi-ndi-ndine Ne-Ne-Nevena."

Anagwira pakamwa ndi manja onse awiri. Sanachite dala. Mulungu akudziwa kuti sanachite dala. Koma zinali zitatuluka, zitapita kumwamba, ndipo panalibe pozibwezera.

Kenaka m'kabokosimo munatuluka mawu, ndipo sanali a Blagoy.

"Kani ndiwe unalemba zija eti?" anatero Mayi Peneva, mozizira. "M'holo muja sunakhute, wabwera kudzamalizira pakhomo panga?"

"Ayi, Mayi, sindina..."

"Kwera. Mwana wanga ali pompano, wamva. Kwera udzabwereze pamaso panga."

Chitseko chachitsulo chinalira n'kutseguka pang'ono. Nevena anachigwira chisanatsekekenso. Mkatimo munali masitepe okhaokha, ndipo kumwamba kwenikweni anamva loko wa chitseko china akutembenuzidwa.